Tulo ta Lachitatu

"Sindimwa," anatero Singano, osatukula ndi mutu womwe pa makina osokera. "Limenelo ndi la usiku. Panopa dzuwa lili pamutu."

Amayi ake anali chiimire pakhomo la kuchipinda, kapu ya madzi kudzanja lino, kapiritsi kachikasu kudzanja linalo. Anali atachapa zovala za eni ake kuyambira m'bandakucha, zala zitachita makwinya, msana ukuyaka moto, ndipo mtima wonyengerera munthu wamkulu, wobereka kale, analibe. Anamuuza kuti piritsi silidziwa wotchi, likafika m'mimba limangogwira ntchito yake. Singano anafunsa kuti nanga bwanji adokotala anajambula mwezi pakathumba ka mankhwalawo, osajambula dzuwa.

"Adokotala sagona m'nyumba muno. Amene ndimakhala nawe ndine."

"Ndiye muzikhala nane ndili maso, amayi."

Makina anayambanso kulira. Linali Lachitatu, tsiku la gulu. Lachitatu lililonse masana, anthu odwala matenda a maganizo ankakumana kuchipatala chaching'ono cha kuseri kwa msika, aliyense ndi womuperekeza wake. Amayi sankadana nalo gululo. Chimene ankaopa ndi pakamwa pa mwana wawo. Tsiku loyamba kupitako, Singano anaimirira pakati pa anthu n'kuyamba kukhuthula za kuchimuna kwake, za mawu amene ankamuitana popanda munthu, mpaka za kuchipinda zomwe, zenera lili lotsegula. Pofika m'mawa mwake nkhani inali itafika kale pampopi, itanenepa.

"Ukapanda kumwa sitipita," anatero amayi. "Ndipo ukajomba, alamu ako amva lero lomwe. Ukudziwa zimene ananena."

Makina anaima. Zimene ananena alamu ake, Singano ankazidziwa pamtima. Atadwala, khanda lili la masabata ochepa, mlongo wa mwamuna wake anabwera kudzalitenga, ati kwa masiku angapo chabe. Tsopano mwanayo ankayenda, ankaitana azakhali akewo kuti mama, ndipo mawu a kuchimuna anali amodzi: mayi wake azipita kugulu osajomba, anesi akadzati ali bwino, mwana adzabwerera.

Singano anatambasula dzanja. Anameza osamwera madzi, maso ali pakhoma.

Chipinda cha gulu chinali kumapeto kwenikweni kwa chipatala, kumene ankasungirako masikelo akutha ndi mabedi othyoka miyendo. Nesi wotsogolera anali watsopano, wamng'ono thupi, wa mtima wautali mpaka kutopetsa. Atangofika anatulutsa tebulo, nati tebulo limagawa anthu pawiri, ofunsa ndi ofunsidwa. Mipando anaiika mozungulira, iye n'kukhala pakati pa odwalawo ngati mnzawo, operekeza n'kuwapatsa mzere wa kumbuyo. Aliyense anamufunsa mmene akufunira kuitanidwa, ndipo Singano anasankha dzina limene anam'patsa makasitomala ake chifukwa cha kuwonda ndi ntchito yakeyo. Wofuna kuima aime, wofuna kutuluka atuluke, wosafuna kuyankhula asakakamizidwe. Nesiyu akafunsa funso ankadikira. Ankadikira mpaka ntchentche kumveka, amayi n'kumaganiza za zovala zimene azisiya pachingwe ndi mitambo imene ikusonkhana.

Ndipo ankadikira anthu ogona. Aphunzitsi, bambo wamtali amene kale ankaphunzitsa masamu, chibwano chinali pachifuwa. Dalaivala, amene ankabwera ndi mkulu wake, maso anali otsegula theka, manja ali pamaondo ngati akadagwira chiwongolero. Mtsikana wina wa duku lobiriwira ankatsamira khoma, kukamwa kuli yasa. Dzuwa linkalowa pa katani yopyapyala n'kuwagwera onse mofanana, fumbi likuyandama m'kuwalako, ndipo chipinda chonse chinkapuma pamodzi, pang'onopang'ono, ngati chinyama chimodzi chachikulu chimene chakhuta.

Nesi anafunsa Singano kuti sabata yayenda bwanji. Singano anatukula zikope, milomo inagwedezeka, mutu n'kubwerera pansi. Amayi anayankha ali kumbuyo komweko kuti yayenda bwino, akudya, akusamba, akusoka.

"Zikomo, amayi," anatero nesi, "koma ndafunsa a Singano."

Funsanitu, amayi anatero chamumtima, tione ngati muweruke lero.

Poyamba gululi linkakumana m'mawa. Nesi ataona kuti anthu ake akungosinza, anaganiza kuti ndi mankhwala a usiku amene sanathe m'thupi, choncho anasamutsira msonkhano masana. Operekeza nawo anangosamutsa piritsi. Nzeruyi inachokera kwa akazi a Aphunzitsi, ndipo inkayenda pabenchi la panja, monong'ona, kuchoka kwa woperekeza wakale kupita kwa watsopano: la usiku lija mpatseni musananyamuke, akafika kuno ali phee, inu mubwerera kwanu ndi ulemu wanu. Palibe ankaona ngati n'kulakwa. Ankati kumukonzekeretsa, ngati mmene umapesera mwana tsitsi popita kwa alendo. Kuwonjezera mlingo ayi, amayi sakanachita zimenezo. Ankangotenga la usiku n'kuligwiritsa ntchito masana.

Potuluka tsiku limenelo nesi anawaimitsa pakhomo, kufunsa ngati kunyumba Singano amagonanso chonchi. Anati wayesa nyimbo, wayesa zithunzi, wayesa kuwakhazika awiriawiri kuti azicheza okha, watsegula mazenera onse, koma zili ngati akuyankhula ndi mapilo. Mwina mlingo wachuluka, akambirana ndi adokotala. Amayi anayankha kuti matendawa ndi a tulo, anesi, odziwa ndinu. Mitambo inali itada, ndipo anakoka mwana wawo n'kumapita.

Usiku unkabwera kudzafuna chake. Lachitatu lililonse Singano ankatsitsimuka dzuwa litalowa, maso ali gwa, n'kuchezera pamakina mpaka kucha. Makoma a nyumba za lendi ndi opyapyala. Mayi woyandikana nawo ankapemphera tchalitchi chimodzi ndi azakhali a mwana, ndipo popereka moni sankaiwala kupereka ndi nkhani yomwe.

Lachitatu lotsatira Singano anakaniratu. Anali atasita diresi lake la madontho, atakonza ndi mawu oti akanene, akuwabwereza chapansipansi posesa. Amayi sanalimbane naye. Anangoti chabwino, wakula, chita zimene ukufuna, n'kulowa kukhitchini. Kumeneko anaphwanya kapiritsi ndi kumbuyo kwa supuni, nathira mu tiyi, nawonjeza shuga wophimba kuwawa. Singano anamwa akumwetulira. Panjira anayenda patsogolo, akuyankhula za nsalu zimene ankaziona m'mashopu. Kugulu, nesi atafunsa ngati alipo ali ndi mawu, dzanja lake linanyamuka, linafika paphewa, linaima pamenepo kanthawi ngati mbalame yosowa potera, n'kutsikira pamwendo.

Pobwerera, atafika pa kamlatho ka pangalande, Singano anaima.

"Tiyi wa lero anali ndi shuga wambiri, amayi."

Amayi anati shuga amapatsa mphamvu, n'kumuuza kuti atukule miyendo.

Kumapeto kwa sabata azakhali a mwana anatulukira, opanda mwana. Anali mayi wa thupi lake, wogulitsa nsapato pamsika, wosazungulira ponena. Mpando anaukana. Anati mchimwene wawo waimba foni kuchokera kutali kumene amagwira ntchito, ndipo watopa kudikira. Akubwera mwezi ukatha. Ngati mkazi wake akadali chimodzimodzi, mwana amutenga apite naye, kuli wina kumeneko amene angamulere. Sanatchule kuti winayo ndani, amayi nawo sanafunse. Azakhali anati iwo safuna kuweruza ndi za m'makutu. Lachitatu apita nawo kugulu akadzionere okha.

Atachoka, Singano anatsatira amayi ake kuseri kumene ankayanika. Anatola kathumba ka mapegi n'kumawapatsira limodzi limodzi, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

"Lachitatu likubwerali mundisiye ndili maso."

Amayi anati palibe amene amamutseka maso.

"Amayi, ndine wodwala, koma sindine chitsiru. Kukhosi kwanga kumadziwa kuwawa."

Amayi anakutumula thaulo mwamphamvu kuposa mmene linkafunira. Anamuuza kuti iye akayamba saima, anam'bereka ndi iwo, amamudziwa. Ayamba bwinobwino, kenako ali kumwamba, kenako ali kumanda, anthu akuyang'anizana. Ndiye manyaziwo atole ndani, ndi manja ati, awa omwe atha ndi sopowa? Singano anati zimenezo zinali kale, matenda ali amoto. Mmene amayankhulira masiku ano amayi angadziwe bwanji, poti nthawi yokhayo imene munthu amamufunsa funso n'kudikira yankho, iye amakhala ali m'tulo?

"Anesi amadziwa liwombo langa lokha," anatero. "Ndiye adzauza bwanji alamu kuti ndili bwino? Adzati liwombo likuoneka lochira?"

Amayi anatsala pang'ono kuseka, zinawakwiyitsa. Anamuuza kuti apereke mapegi, asiye zolongolola.

Masiku otsatirawo anachapa mutu uli pa Lachitatu. Kwa iwo nkhani inali yosavuta. Munthu wochira amaoneka bwanji? Amakhala phee, manja pamwendo, osachititsa manyazi. Singano akatsegula pakamwa pamaso pa mlamu wake n'kutchula mawu omuitana aja, mwana wapita. Ngati linalipo tsiku lofunika kumukonzekeretsa, linali limeneli.

Lachitatu lija azakhali anafika msanga, amayi atangomaliza kutakasa tiyi. Makapu anabwera pathireyi, ya Singano inali yabuluu, yobenthuka pamlomo. Singano anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaikankhira pang'onopang'ono mbali ya amayi ake.

"Tisinthane, amayi."

"Imwa tiyi wako, tichedwa."

"Ndi tiyi chabe, si choncho? Ndiye imwani inu, ine ndimwe wanuyo."

Azakhali anaika kapu yawo pansi. Anayang'ana Singano, anayang'ana amayi, nafunsa motsitsa mawu, ngati mwini nkhani palibe, kuti kodi wayambiranso kukayikira zakudya. Paja ulendo woyamba uja zinayamba chonchi, kukana mbale kuti athiramo poizoni.

M'maganizo mwawo amayi anaona mdzukulu wawo akukwera basi. Anamuona bwinobwino, kachipewa kumutu, ali pamwendo pa mkazi wosamudziwa nkhope. Anaseka kuseka kouma, nati ayi, ndi nthabwala zawo za m'nyumba, mtsikanayu ndi shuga sagwirizana. Ananyamula kapu yabuluu ija n'kugugudiza mpaka pansi. Singano anatsegula pakamwa ngati aletse, koma inali itatha kale. Kuwawa kunatsalira kumbuyo kwa lilime. Kapiritsi kamodzi, amayi anaganiza, kangamutani munthu amene amasenza beseni la mabulangete onyowa?

Kanawapeza akudutsa pamsika. Poyamba phokoso linasunthira kutali, ngati wina watseka chitseko pakati pa iwo ndi dziko. Kenako msewu unafewa. Ogulitsa ankatsegula pakamwa, mawu n'kufika mochedwa, atazizira kale. Mapazi anali awo ndithu, ankawaona akusinthana pansipo, koma ankayenda ngati a munthu wina amene wangowabwereka. Dzanja linawagwira pachigongono. Linali la Singano, ndipo silinawasiye mpaka pa mpando wa mzere wa kumbuyo.

Chipinda chija anali asanachionepo chonchi. Kuwala kwa pakatani kunali ngati madzi otsukuluzira omaliza, oyera, ofunda, ndipo anthu onse anali pansi pake. Mipando inkayandama. Nkhope ya nesi inkabwera pafupi n'kubwerera. Amayi anatsinzina pang'ono n'kuona nsalu zoyera zitayanikidwa pachingwe chopanda mapeto, mphepo ikuzitukula imodzi imodzi, kuseri kwa iliyonse kuli inanso. Ankafuna kuzianula mvula isanafike, koma manja anali kutali, kumudzi kwina.

Chodabwitsa n'chakuti makutu sanagone. Ankamva zonse. Anamva nesi akulandira mlendo, akumuuza kuti m'chipinda muno oyamba kuyankhula ndi eni gulu, ena amadikira. Anamva akazi a Aphunzitsi akunong'oneza mkulu wa Dalaivala kuti taonani amayi aja, ukalamba wayambapo, malovu mpaka pabulauzi. Anafuna kupukuta. Anafuna kuwayankha liwu limodzi lokha loti liwakwane, koma mawu onse anali pansi pa beseni, atamwa madzi, osanyamulika.

Kenako anamva mwana wawo.

Singano sanaimirire. Anayamba ndi kunena kuti sanachire, ndipo sakudziwa ngati matenda akewa amachira monga amachirira malungo. Mawu omuitana aja akadalipo nthawi zina, koma achepa, ali ngati wailesi ya nyumba yachitatu, ndipo anaphunzira kusawayankha. Apa amayi anafuna kufuula kuti khala chete iwe, koma kunangotuluka kampweya. Singano anapitiriza. Ananena za makabudula amene amasokera mwana wake mongoyerekeza msinkhu, ena aakulu, ena aang'ono, adzaza katoni. Kuchoka apo analowa nkhani ya mabatani, kuti aang'onoang'ono ndi oopsa, mwana amameza, n'chifukwa chake iye amaika lasitiki, ndipo lasitiki wabwino anasowa, wa masiku ano ukangochapa kawiri watha, pamene wakale uja, wa mpukutu woyera... Anasochera. Anaima pakati pa mawu, zala zikupotokola mpendero wa diresi.

Nesi sanamuthandize, anangodikira. Azakhali anakhosomola. Ndiye kuchokera pa mpando wa pafupi ndi zenera kunamveka mawu okoka, a munthu amene m'chipindamo anali asanamvekepo.

"Munali pa mwana, achemwali," anatero Dalaivala, maso akadali otsegula theka. "Mabatani ndi panjira chabe."

Singano anathokoza n'kubwerera pamsewu. Anati sakupempha kuti amupatse mwana lero n'kumutsekera naye chitseko. Akupempha masana amodzi, kenako ena, mwana amuzolowere, iye naye adziyese. Matendawa akamabwera amawadziwa mapazi ake: tulo timathawa kaye, kenako maganizo amayamba liwiro. Akadzaona zimenezo adzanena yekha, asanauzidwe.

Azakhali anapempha kuti ayankhuleko. Nesi anafunsa eni gulu ngati akulola, ndipo mtsikana wa duku lobiriwira anatukula chala chimodzi, osachoka pakhoma pake.

"Ine sindinabwere kudzakangana, alamu," anatero azakhali. "Koma mukuti tulo tikathawa mudzanena. Oyandikana nanu akuti pakati pa sabata simugona, makina usiku wonse. Ndipo lero lomwe, ine ndikuona ndi masowa, mwakana tiyi wa amayi anu okuberekani, ngati muli mankhwala. Mwana wa mchimwene wanga ndimusiye pamenepo?"

Amayi anatukula zikope movutikira n'kupeza mwana wawo atatembenuka pampando, akuwayang'ana. Sikunali kuyang'ana kwa mkwiyo. Ndipo anadziwa, ngakhale ali pansi pa madzi aja, kuti mwanayu sanena. Alola kutchedwa wamisala pamaso pa mlamu wake, koma amayi ake sawavula pagulu.

Nesi anatsatira maso a Singano. Anadzuka, anadutsa pakati pa mipando, anagwada pafupi ndi amayi, nawagwira pamkono pomwe pamamveka kugunda kwa mtima. Anawayang'ana m'maso, nafunsa kuti amwa chiyani lero.

Akazi a Aphunzitsi anayankha msangamsanga kuti amayiwa angotopa, ntchito yochapa si masewera, awasiye apume. Za tiyizo ndi matenda a mwanayo basi, aliyense amadziwa mmene odwalawa amaganizira.

"Zikomo, mayi," anatero nesi, "koma ndafunsa amayiwa."

Ndipo anadikira. Kudikirako kunatambasuka patsogolo pa amayi ngati bwalo losesedwa, lopanda wowathamangitsa. Anatsika pansi kukafuna mawu. Anawapeza, anawagwira ndi manja awiri, anawafinya, nakwera nawo pang'onopang'ono.

"Munali mankhwala." Lilime linakana, analikoka. "Ndinathira ndine. La usiku. Kuti agone kuno."

Kenako Aphunzitsi, chibwano chikadali pachifuwa, anayankhula momveka bwino ngati akuitana mayina a ophunzira.

"Lachitatu lililonse, anesi. Kalasi yonse."

Akazi awo anayamba kufunafuna chinthu m'chikwama. Mkulu wa Dalaivala anapeza ntchito pa zingwe za nsapato.

Zotsatira amayi anazimva zidutswazidutswa, atagonekedwa kuseri kwa katani pa bedi lokhalo lomwe linali ndi miyendo yonse, lamba woyezera kuthamanga kwa magazi atawafinya pamkono. Nesi sanakalipe, ndipo kukanakhala bwino akanakalipa. Anauza operekeza kuti kusuntha nthawi ya mankhwala kungathe kum'bweza munthu m'dzenje limene anali atatulukamo, ndipo aliyense aonane ndi adokotala sabata yomweyo. Anati iye mwini wakhala akufunsa mafunso anthu ogona, osafunsa chimene chawagonetsa. Kenako anatembenukira kwa eni gulu, nafunsa kuti sabata yamawa, akadzabwera ali maso, akufuna operekeza adzakhale pati. Panapita nthawi yaitali, nsalu zoyera zija zikuuluka m'mutu mwa amayi.

"Panja pali benchi," anatero Dalaivala.

Mtsikana wa duku lobiriwira anaseka, kuseka kwaulesi kwa m'tulo.

Azakhali anachoka osatsanzika. Amayi atatsitsimuka bwino, dzuwa linali litafiira, ndipo Singano anali m'mbali mwa bedi, nsapato za amayi ake zili pamwendo. Anayenda pang'onopang'ono, atagwirana pachigongono. Chapafupi ndi kwawo amayi anati, lilime likadalemera, za lasitiki zija anatalikitsa. Singano anati akudziwa. Atafika, Singano anachotsa kathumba ka mankhwala pashelefu ya amayi ake n'kukaika m'kabati ya makina ake. Amayi anaona, nayang'ana kumbali.

Kuchimuna kunali zii. Amayi ankachapa, ankayanika, ankaanula, ndipo aliyense wodutsa pangodya ankamuyesa azakhali. Pampopi nkhani inafika, ulendo uno ili ya iwo. Anatunga madzi awo osayang'ana munthu.

Lamlungu, anthu ataweruka kutchalitchi, azakhali anatulukira, mwana ali kumsana, kachikwama kali m'manja.

"Mchimwene wanga ndamuuza zonse," anatero ali chiimire pabwalo. "Za mabatani zomwe, za tiyi zomwe. Wati adzaona akabwera. Ine ndati mwana sakwera basi ndisanakhutire ndekha. Ndidzamutenga dzuwa likapendeka." Anapereka kachikwama kwa Singano, maso ali pa amayi. "Chakumwa chake chili momwemo. Za kukhitchini kwanu kuno sindinazizolowere."

Amayi anameza mawuwo. Anali owayenera.

Azakhali anamasula mwana, anamuimika pakhonde, nachoka msanga osacheuka. Mwana anayang'ana nkhope ziwiri zachilendo, anayang'ana msana wa azakhali ake ukukhota pangodya, n'kuyamba kulira ndi thupi lonse. Singano anagwada, anatambasula manja, mwana anawakankha. Anamunyamula mokhota, mwendo umodzi uli lende, mwana akudziponya chagada, nsapato imodzi itagwa kale.

Amayi anali atafika pa sitepe, manja atatsogola okha. Analera ana, awo ndi a eni ake omwe, ndipo kutonthoza ameneyu kukanawatengera kanthawi kochepa. Mawu anali okonzeka pakamwa, opepuka tsopano: bwera naye kuno, sukudziwa kagwiridwe kake. Singano anawayang'ana pamwamba pa mutu wa mwanayo, thukuta lili pamphuno.

Amayi anawerama, anatola beseni, napita kuseri kwa nyumba.

Kulira kunapitirira. Anachapa shati, anatsukuluza, anafinya, kulira kukadalipo. Anaimirira, anakhalanso. Kenako kunayamba kuduka, kunasanduka kusisima, kenako zii. Kudzera pazenera anamva mawu a Singano akufotokoza chinachake chachitali, chopanda mutu ndi mchira, cha galimoto kapena cha ng'ombe, chikusochera n'kubwerera, ndipo pakatipakati kamawu kena kakang'ono kankayankha m'chinenero chake, ngati kakutsutsa.

Amayi anabweza shati ija m'madzi, ngakhale inali itayera kale.